VM yanu ili pa intaneti koma anzanu sakuipeza: kusiyana kwa NAT, bridge ndi routing

Aliyense amene akuphunzira za maseva amapunthwapo pamwala uwu. Munthu waika VirtualBox, pulogalamu yoyendetsera kompyuta ina mkati mwa kompyuta, pa laputopu, mkati mwake wakhazikitsa Ubuntu, mtundu wina wa Linux, waikamo kapulogalamu kolembera fizi ya ana asukulu kuti ayesere. Mkati mwa Ubuntu uja masamba a pa intaneti akutseguka bwinobwino. Ndiye auza mnzake wa desiki yoyandikana nayo kuti, "Achimwene, tatsegulani pakompyuta panupo, adiresi yake ndi 10.0.2.15." Mnzakeyo alemba, adikira, palibe chotuluka. Onse awiri ali pa Wi-Fi imodzi. Chodabwitsa china n'chakuti ngakhale laputopu imene yanyamula Ubuntuyo siifika pa adiresi imeneyo.

Apa ambiri amayamba kunena bandulo, ena amazimitsa antivirus, ena amafufuta zonse n'kuyambiranso. Koma palibe chimene chawonongeka. VM, kutanthauza kompyuta yongoyerekeza imene muli Ubuntu uja, yaikidwa pamalo oti iyo imatha kutuluka, koma wakunja sadziwa khomo lolowera.

Kompyuta yopanda doko la kebulo

VM ndi chidule cha virtual machine, kompyuta yopangidwa ndi pulogalamu yokhala mkati mwa kompyuta yeniyeni. Ili ndi diski yake, memory yake ndi operating system yake, koma zonsezo yachita kubwereka. Kompyuta yeniyeniyo imatchedwa host. Tingati host ndi landilodi, ma VM ndi anthu a lendi m'zipinda za kuseri. Pulogalamu yogawa zipindazo imatchedwa hypervisor, ndipo zodziwika ndi VirtualBox ya Oracle, VMware, Hyper-V ya Microsoft, ndi KVM imene inalowa mu Linux mu 2007 ndipo ndiyo imayendetsa ma VM mu Proxmox, pulogalamu yoyang'anira ma VM pa maseva.

Host ili ndi doko limodzi la kebulo kapena Wi-Fi imodzi. VM ilibe doko lililonse logwirika, choncho hypervisor imaipatsa khadi ya netiweki yongoyerekeza ndi chingwe chongoyerekeza. Nsonga imodzi ya chingwecho ili mu VM. Pa Linux nsonga inayo mumaiona pa host ndi dzina ngati vnet0 kapena tap0. Nkhani yonse yagona pa malo amene nsonga yachiwiriyi yalumikizidwa.

Mayina awiri a chipangizo chilichonse

Chipangizo chilichonse pa netiweki chili ndi nambala ziwiri. Yoyamba ndi adiresi ya MAC, yofanana ndi nambala ya chiphaso cha unzika: imayenda ndi khadi ya netiweki kulikonse kumene yapita. Imalembedwa m'magulu asanu ndi limodzi, ndipo magulu atatu oyambirira amaulula amene anaipanga. Mukaona 08:00:27 pamndandanda wa zipangizo mu rauta yanu, dziwani kuti imeneyo ndi VM ya VirtualBox. Ya KVM imayamba ndi 52:54:00, ya Hyper-V ndi 00:15:5D, ya VMware ndi 00:0C:29 kapena 00:50:56.

Yachiwiri ndi adiresi ya IP, yonena kumene chipangizocho chikukhala lero. Maadiresi a IP amakhala m'magulu otchedwa subnet, ndipo subnet ili ngati mudzi. Ma MiFi ambiri a Huawei amadzipatsa adiresi 192.168.8.1 n'kugawira mafoni ndi malaputopu kuyambira pamenepo. Mudzi umenewo umalembedwa 192.168.8.0/24. Adiresi ya IPv4 ili ndi ma bit 32, ndipo /24 ikutanthauza kuti ma bit 24 oyambirira ndi dzina la mudzi, 8 otsalawo ndi nambala za nyumba. Zimenezo zimapereka maadiresi 256, koma yoyamba ndi dzina la mudzi weniweniwo ndipo yomaliza ndi yolengezera onse, motero ogwiritsa ntchito ndi 254.

Kompyuta ikafuna kutumiza paketi, kutanthauza kachidutswa ka data, imadzifunsa funso limodzi lokha: wolandirayo ndi wa m'mudzi muno? Ngati ndi wa momwemo, imafuula ngati munthu amene mbuzi yake yasowa: "Mwini 192.168.8.30 ndani? Andiuze MAC yake!" Onse amamva, mwiniwake amayankha, paketi imapita. Kufuula kumeneku kumatchedwa ARP, ndipo kwakhala kukugwira ntchito kuyambira 1982. Koma mfuu siwoloka malire a mudzi. Wolandirayo akakhala wa kwina, kompyuta sifuula n'komwe. Imangopereka paketiyo kwa gateway, amene nthawi zambiri ndi rauta, monga mmene nkhani ya mudzi wina imadzera kwa mfumu.

Maadiresi oyamba ndi 10, oyamba ndi 192.168, ndi a pakati pa 172.16 ndi 172.31 anapatulidwa mu 1994 kuti azigwira ntchito m'nyumba ndi m'maofesi mokha. Pa intaneti sayenda. N'chifukwa chake maofesi zikwizikwi ali ndi 192.168.8.1 popanda kukangana.

NAT: makalata odzera pabokosi la sukulu

Amene anakulira kumudzi akukumbukira kuti banja lopanda bokosi ku positi ofesi linkalemba adiresi ya sukulu kapena ya mpingo. Kalata imachoka, yankho limafikira kubokosi la sukulu, aphunzitsi aakulu n'kupatsira mwana kuti akapereke kunyumba. NAT imachita chimodzimodzi. VM ikatumiza paketi, host imafufuta adiresi ya VM n'kulembapo yake, ndipo imasunga m'kaundula kuti yankho la ulendo uwu ndi la VM yakuti. Rauta ndi ena onse amangoona laputopu. Sadziwa kuti kuseri kuli wa lendi.

Pamenepa ndi pamene mnzathu wa fizi uja anagwera. Paketi yochokera kunja imene palibe anaipempha ikafika pa host, m'kaundula mulibe dzina, ndiye siipita kwa VM. Ndipo adiresi 10.0.2.15 mu ofesimo palibe amene amaidziwa. VirtualBox imapereka nambala yomweyo kwa VM iliyonse imene ili pa NAT, gateway n'kukhala 10.0.2.2, chifukwa VM iliyonse imaikidwa m'kamudzi kakekake. Ma VM awiri a pa laputopu imodzi angakhale ndi adiresi yofanana osaonana. Wofuna kuti aonane amasankha NAT Network, imene ndi njira ina mu VirtualBox.

Pa Linux, libvirt, pulogalamu yoyang'anira ma VM a KVM, imachita mosiyanako. Imapanga khadi ya netiweki yongoyerekeza yotchedwa virbr0, kuipatsa adiresi 192.168.122.1, ndipo pulogalamu ya dnsmasq imagawira ma VM maadiresi a 192.168.122. Apa host ndi ma VM amaonana onse, koma a mu ofesi sawaona. VMware nayo ili ndi yake yotchedwa VMnet8.

Khomo likhoza kutsegulidwa pang'ono ndi port forwarding, port pano kukhala nambala yosonyeza pulogalamu imene paketi ikupitako mkati mwa kompyuta. Mumauza host kuti chilichonse chofika pa port 8080 chipite pa port 80 ya VM, kapena cha pa 2222 chipite pa 22 kuti mulowe ndi SSH, njira yolamulira kompyuta muli patali. Pa VM imodzi kapena ziwiri zimenezi n'zokwanira. Zikafika khumi, mndandanda wa ma port umasanduka chingwe chopiringizika chimene amachimvetsa ndi amene anachimanga yekha, ndipo tsiku limene iye wapita kumaliro ofesi yonse imaima.

NAT inafala chifukwa maadiresi a IPv4 alipo pafupifupi 4.3 biliyoni okha. Bungwe la IANA linagawa magulu ake omaliza mu February 2011 kwa mabungwe a zigawo, kuphatikizapo AFRINIC ya ku Mauritius imene imagawa maadiresi mu Africa. Makampani ambiri a mafoni nawonso amaika makasitomala kuseri kwa NAT yawo, ndipo mu 2012 kunapatulidwa gulu la 100.64.0.0/10 la ntchito imeneyi. Ndiye VM ya pa laputopu yolumikizidwa ku MiFi ingakhale kuseri kwa NAT zitatu. Mukatsegula port pa ziwiri zimene zili m'manja mwanu, yachitatuyo ndi ya kampani, ndipo munthu wa kunja kwa ofesi safikabe.

Bridge: wa lendi apatsidwa khomo lake la kumsewu

Bridge, kapena kuti mlatho, ndi swichi ya netiweki yopangidwa ndi pulogalamu mkati mwa host. Doko lenileni la kebulo limalumikizidwa ku swichi imeneyi, zingwe za ma VM nazonso pomwepo. Zikatero VM yalowa m'mudzi wa ofesi ngati kompyuta ina iliyonse. Imapempha adiresi kwa rauta kudzera pa DHCP, njira imene rauta imagawira maadiresi yokha, n'kulandira mwina 192.168.8.105. Wina akafuula kufunsa mwini adiresiyo, mfuu umawoloka mlatho, VM imayankha ndi MAC yake.

Mlatho suyang'ana IP. Umangophunzira kuti MAC yakuti inamveka kuchokera doko liti, n'kusunga zimenezo kwa masekondi 300 pa Linux ngati simunasinthe. Dzina lake limakhala br0 kwa omanga okha, vmbr0 mu Proxmox, VMnet0 mu VMware, ndipo Hyper-V imautcha External switch. Chosokoneza ambiri n'chakuti virbr0 ija nayonso ndi mlatho. Kungoti sunalumikizidwe ku doko lenileni, uli ngati mlatho wothera m'bwalo la landilodi.

Pomanga mlatho pa Linux, adiresi ya IP ya host imachoka pa doko lenileni n'kukakhala pa br0. Amene akuchita zimenezi pa seva ya kutali kudzera pa SSH akhale ndi njira ina yolowera asanayambe, chifukwa mzere umodzi ukalakwika wadzitsekera panja, makiyi ali mkati.

Pa Wi-Fi mlatho umavuta, ndipo ichi n'chofunika kwa ife amene ntchito yambiri timagwirira pa laputopu ndi MiFi. Malamulo a Wi-Fi amayembekezera kuti chipangizo chimene chalumikizidwa chizitumiza ndi MAC yake yokha. Paketi yokhala ndi MAC yachilendo ya VM imakanidwa. Mukayesa kulumikiza khadi ya Wi-Fi ku br0, Linux imangoyankha kuti Operation not supported. VirtualBox ndi VMware zimazemba vutoli posintha MAC ya VM kuti ioneke ngati ya laputopu. Nthawi zambiri zimatheka, koma pa marauta ena VM siilandira adiresi, makamaka pa Wi-Fi ya kuhotela kapena ya kukoleji imene imafuna kulemba dzina musanalowe.

Palinso mtengo wake wa kukhala pamsewu. VM ya pamlatho imaonekera kwa aliyense wa mu ofesi, choncho ikufunika firewall, pulogalamu yolondera mapaketi olowa ndi otuluka, ndi ma update ngati kompyuta yeniyeni. Wophunzira amene wayatsa seva ya DHCP mu VM yoyeserera, ali pamlatho, amayamba kugawira maadiresi olakwika kwa ofesi yonse, ndipo anthu amadandaula kuti intaneti yathawa osadziwa kuti yathawira pa desiki yachitatu. Choopsa china ndi kulumikiza madoko awiri a host ku mlatho umodzi ndiponso ku swichi imodzi. Mfuu wa ARP umazungulira osatha mpaka netiweki yonse kutsamwa. Mankhwala ake ndi Spanning Tree Protocol, imene Radia Perlman anapanga mu 1985 ali ku Digital Equipment Corporation. Imatseka njira imodzi kuti pasakhale bwalo.

Routing: mudzi watsopano kuseri kwa host

Njira yachitatu ndi imene anthu amaimvetsa mochedwa, ngakhale kuti ndiyo mmene intaneti yonse imayendera. Ma VM amapatsidwa subnet yawoyawo, host n'kukhala mfumu yawo. Palibe kubisa adiresi ngati pa NAT, palibenso kulowa m'mudzi wa ofesi ngati pamlatho.

Tiyerekeze kuti ofesi ili pa 192.168.8.0/24, rauta ndi 192.168.8.1, host ndi 192.168.8.10. Ma VM tiwapatse 192.168.50.0/24. Host ikhala ndi adiresi yachiwiri, 192.168.50.1, pa mlatho wa mkati wosalumikizidwa ku doko lenileni, ndipo imeneyo ndiyo gateway ya ma VM. Linux mwachibadwa siipatsira mapaketi a ena, ndiye mumaiuza polemba net.ipv4.ip_forward=1 mu sysctl, momwe mumasinthira makonzedwe a Linux.

Ambiri amalekera pamenepa, n'kudabwa kuti sizikugwira. Tiyeni titsatire paketi imodzi. VM ya 192.168.50.20 ikufuna printa ya pa 192.168.8.30. Yaona kuti printayo ndi ya mudzi wina, yapereka paketi kwa host. Host ikudziwa midzi yonse iwiri, yafuula mu ofesi, printa yayankha, paketi yafika. Ulendo wopita watha bwino. Tsopano printa ikufuna kuyankha kwa 192.168.50.20. Si wa m'mudzi mwake, ndiye yapereka kwa gateway yake, rauta ya ofesi. Rautayo sinamvepo za mudzi wa 50. Chilichonse chimene siichidziwa imachiponya kunjira ya ku intaneti, ndipo kumeneko adiresi ya 192.168 imatayidwa. Paketi inafika, yankho ndi limene lasochera. Zili ngati kupita ndi minibasi kukaona wodwala, osafunsa ngati madzulo kumapezeka galimoto yobwerera.

Chosowacho ndi mzere umodzi pa rauta, wotchedwa static route, wonena kuti zonse za 192.168.50.0/24 zizidzera kwa 192.168.8.10. Pa makina a Linux umalembedwa ip route add 192.168.50.0/24 via 192.168.8.10. Ndiye kuti adiresi ya host isamasinthesinthe. DHCP ikaipatsa ina mawa, mzere uja uloza kunyumba yolakwika. Ma MiFi ena ndi marauta otsika mtengo alibe malo olembapo static route, ndipo zikatero muyenera kulemba mzerewo pa kompyuta iliyonse yofuna kufika kwa ma VM, apo ayi mubwerere ku NAT. Kuti ma VM afike pa intaneti, rautayo iyeneranso kuvomera kuchitira NAT mudzi watsopanowo, osati wake wokha.

Wina angafunse kuti n'kuvutikiranji chonsecho. Phindu lake ndi lakuti paketi iliyonse yopita kapena yochokera kwa ma VM imadutsa pa host ndi adiresi yake yeniyeni. Mukhoza kulamula kuti a mu akaunti okha ndiwo afike pa VM ya malipiro, ndipo m'zolemba za seva mumaoneka kompyuta imene inalowa, osati adiresi imodzi ya host pa aliyense. Phokoso la mfuu la mu ofesi silifika kwa ma VM, ndipo DHCP yolakwika ya mu VM siituluka. Kuipa kwake kuli pomwepo: zinthu zodalira mfuu, monga printa yodzionekera yokha pa netiweki, sizioneka kutsidya. Firewall ya Windows nayo, pa zogawana mafayilo, mwachibadwa imakhulupirira a subnet yake okha.

Pali kachinyengo kena kotchedwa proxy ARP. Ma VM amapatsidwa maadiresi a m'mudzi wa ofesi, ndipo wina akafuula kufunsa za VM, host imayankha kuti "ndine", n'kulandira paketi n'kuipatsira mkati. Rauta siifunika kuuzidwa kanthu, ndipo zimagwira ngakhale pa Wi-Fi chifukwa MAC yooneka ndi imodzi. Ndi njira yothandiza, koma amene adzabwere pambuyo panu kudzakonza adzakanda mutu ngati simunalembe penapake.

Pa seva ya lendi kunja

Amene amachita lendi seva yathunthu ku Ulaya amakumana ndi nkhaniyi tsiku loyamba. Makampani ngati Hetzner ya ku Germany salola MAC yosalembetsa kuoneka pa swichi yawo. Mukangomanga mlatho n'kuyatsa ma VM ndi MAC za 52:54:00, mwaphwanya malamulo awo. Pa adiresi imodzi yowonjezera mukhoza kupempha MAC yapadera n'kuiika mu VM, mlatho n'kugwira. OVHcloud ya ku France ili ndi njira yofanana yotchedwa virtual MAC. Koma mukagula subnet yathunthu ku Hetzner, iwo amailozetsa ku adiresi yaikulu ya seva yanu, kutanthauza kuti static route ija akulemberani kale, kwatsala n'kuti host ipatsire.

Masamu ake ndi ofunika chifukwa adiresi iliyonse ndi ndalama. Subnet ya /29 ili ndi maadiresi 8. Titenge 203.0.113.8/29, kuchokera m'gulu limene linapatulidwira zitsanzo. Adiresi ya .8 ndi dzina la mudzi, ya .15 ndi yolengezera, ya .9 yatengedwa ndi host ngati gateway. Ma VM atsala ndi asanu, kuyambira .10 mpaka .14. Osafuna kutaya atatuwo amalozetsa adiresi iliyonse payokha ngati /32, onse 8 n'kugwira ntchito, koma makonzedwe a mkati mwa VM iliyonse amakhala ovutirapo.

Pa IPv6, mtundu watsopano wa maadiresi a IP, kuwerengetsa kotereku kulibe, chifukwa subnet wamba ndi /64, maadiresi oti simungawamalize. Chokumbukira n'chimodzi: Linux ikayamba kupatsira mapaketi a IPv6, imasiya kumvera zolengeza za rauta pokhapokha mutaika accept_ra pa 2, ndipo host ingataye njira yake ya kunja patapita kanthawi.

Kudziwa pamene mwaima

Adiresi ya VM imaulula zambiri musanagwire china chilichonse. Mukaona 10.0.2.15 muli pa NAT ya VirtualBox. Ya 192.168.122 ndi NAT ya libvirt. Ya 192.168.56 ndi host-only ya VirtualBox, kamudzi ka host ndi ma VM okha kopanda njira ya kunja. Yoyamba ndi 169.254 ikutanthauza kuti VM inapempha adiresi koma palibe anayankha, chizindikiro chofala cha mlatho umene wakanika pa Wi-Fi. Ikafanana ndi ya makompyuta ena a mu ofesi, mlatho ukugwira.

Kenako yesani ping, lamulo loonera ngati adiresi ikuyankha, motsatana: gateway ya VM, adiresi ya host ya mbali ya ofesi, rauta, kenako adiresi ya pa intaneti ngati 8.8.8.8, pomaliza dzina la tsamba. Pamene yaima ndi pamene pali vuto. Pulogalamu ya tcpdump pa host imaonetsa ngati paketi ikutuluka koma yankho osabwera, ndipo zikatero kafufuzeni njira yobwerera.

Pali misampha iwiri imene imagwira ngakhale akadaulo. Woyamba ndi midzi iwiri ya dzina limodzi. Mukasankha 192.168.8.0/24 ya ma VM, tsiku lina n'kulumikiza laputopu ku MiFi ya nambala yomweyo, host siidziwa mbali yoti iponye paketi. VM ya KVM yoikidwa mkati mwa VM inzake imagundananso chimodzimodzi pa 192.168.122. Wachiwiri ndi Docker, pulogalamu yoyendetsera mapulogalamu ena m'timabokosi tawotawo, imene imadzipangira mlatho wake docker0 pa 172.17.0.0/16 n'kusintha lamulo la FORWARD, lokhudza mapaketi opatsira, mu iptables, firewall ya Linux, kuti lizikana zonse zosaloledwa. Ma VM amene dzulo amayenda bwino angangoti zii Docker itaikidwa, osakhudza makonzedwe awo ngakhale pang'ono.

Mnzathu wa fizi uja ali ndi njira ziwiri zapafupi. Ngati laputopu ili pa kebulo, asinthe khadi ya VM kuchoka pa NAT kupita pa Bridged Adapter, aone adiresi yatsopano imene rauta yapereka, auze mnzake imeneyo. Ngati ali pa Wi-Fi ndipo mlatho ukukana, asiye NAT momwemo, alozetse port 8080 ya laputopu ku port 80 ya VM, aloleze port imeneyo pa firewall ya laputopu, ndipo mnzakeyo alembe adiresi ya laputopuyo ndi :8080 kumapeto.